Momwe mungakonzere TLS mu kernel yanu osadzathyola mapulogalamu akale

Aliyense amene wayamba kulemba kernel yakeyake, ndiye kuti mtima wa operating system umene umagawira mapulogalamu purosesa ndi memori, kaya ndi wophunzira wa ku MUBAS pa Ginnery Corner kapena munthu wongodziphunzitsa yekha madzulo pa laputopu ya kaunjika yogula ku Limbe, amafika tsiku limene ma thread awiri a pulogalamu imodzi (mizere iwiri ya ntchito yoyenda payokhapayokha koma yogawana memori) amayamba kulimbirana `errno`, variable yosunga nambala ya vuto lomaliza. Thread yoyamba yalephera kutsegula fayilo ndipo laibulale ya C yalemba nambala ya vutolo mu `errno`, koma isanaiwerenge, kernel yapereka purosesa kwa thread yachiwiri, nayonso yalephera china chake n'kulemba nambala yake pamalo omwewo. Yoyamba ija ikabwerera imawerenga vuto la inzake. Mankhwala ake ndi TLS (thread-local storage), imene imapatsa variable ya dzina limodzi malo akeake mu memori pa thread iliyonse. Olemba mapulogalamu amaipempha polemba `__thread` mu GCC, `_Thread_local` kuyambira mu C11, kapena `thread_local` kuyambira mu C++11, ndipo salabadira zimene zikuchitika pansi. Zapansizo ndi ntchito yanu inu olemba kernel.

Gawo la kernel pa ntchito imeneyi ndi laling'ono: kusunga nambala imodzi pa thread iliyonse, adiresi yotchedwa thread pointer, ndi kuonetsetsa kuti nthawi zonse pamene thread ikuyenda, nambala yake ndi imene ili mu register yoyenera, kamalo kosungira nambala mkati mwa purosesa. Zimene zili pa adiresiyo si za kernel. Zili ngati nyumba za lendi za pa ploti limodzi ku Ndirande, kumene mpope ndi bwalo n'za onse, ndipo mwini ploti amadziwa kuti chitseko ichi n'cha ndani, koma sauza munthu poika bedi kapena mbaula m'chipinda chake. Kernel imene yayamba kudziwa kaikidwe ka zinthu m'dera la TLS imadzimangirira ku laibulale imodzi, ndipo tsiku limene mudzafune kuyendetsa musl m'malo mwa glibc (onsewa ndi malaibulale a C), kapena pulogalamu ya Go imene imaika yokha thread pointer popanda laibulale ya C, mudzapeza kuti simungathe popanda kuthyola china chake. Koma nambala imodziyo ili ndi njira zambiri zotayikira, ndipo njira iliyonse imene mwatsegulira mapulogalamu kuti aiike kapena aiwerenge mudzakhala nayo mpaka kalekale.

Register musasankhe nokha

Compiler inasankha kale. Pa x86-64 ya Linux, GCC ndi Clang zimatulutsa malangizo owerenga TLS kudzera mu register ya FS, pamene pa x86 ya 32-bit zimadzera mu GS. Pa AArch64 register yake ndi `TPIDR_EL0`, imene pulogalamu ikhoza kuilemba yokha. Pa ARM ya 32-bit kuyambira ARMv6K pali `TPIDRURO`, imene pulogalamu imangowerenga koma yolemba ndi kernel yokha. Pa RISC-V ndi `tp`, register wamba ya nambala x4, ndipo pa PowerPC ya 64-bit ndi r13. Mukatsatira mgwirizano umenewu mudzagwiritsa ntchito compiler ndi linker zimene zilipo kale. Mukaupatuka, mwadzisenzetsa ntchito yosintha GCC ndi binutils n'kumazimanganso nokha, ntchito imene pa laputopu yakale imadya maola ambiri, ndiye magetsi asazime pakati.

Pa x86, mwa FS ndi GS, pamatsala register yachiwiri imene laibulale yanu ya C siigwiritsa ntchito, ndipo ndikukulangizani kuti muisiyire mapulogalamu, muwapatsenso njira yoiikira. Windows imasunga za thread iliyonse mu dera la memori lotchedwa TEB, ndipo imafika kumeneko kudzera mu FS pa 32-bit ndi GS pa 64-bit, mosemphana ndendende ndi Linux. Kusemphana kumeneku ndi kumene kumathandiza Wine kuyendetsa mapulogalamu a Windows pa Linux, chifukwa m'thread imodzi momwemo glibc imakhala ndi register yake ndipo pulogalamu ya Windows imakhala ndi yake. Pa macOS ya x86-64, imene nayo imagwiritsa ntchito GS, olemba Wine anavutika ndi kulimbirana register yomweyo. Simungadziwe lero amene adzafune register yachiwiriyo, koma kuisunga bwino posinthanitsa ma thread sikukuwonongerani kanthu.

Zimene muyenera kudziwa ngakhale simuzikhudza

Kaikidwe ka TLS m'mafayilo a ELF, mtundu wa mafayilo a mapulogalamu pa Linux, kanafotokozedwa ndi Ulrich Drepper, amene anali woyang'anira glibc, ndipo ndi kamene ma compiler amatsatira mpaka lero. Ma variable amene ali ndi mtengo woyambira amakhala mu `.tdata`, oyamba ndi ziro amakhala mu `.tbss`, ndipo onse pamodzi amafotokozedwa ndi mutu wa `PT_TLS`. Thread yatsopano ikamabadwa, laibulale ya C imapatula memori, imakopera `.tdata`, imadzaza ziro m'malo a `.tbss`, kenako imauza kernel adiresi. Kaikidwe kali mitundu iwiri. Pa ARM, AArch64 ndi RISC-V ma variable amakhala kutsogolo kwa thread pointer, pamene pa x86 amakhala kumbuyo kwake, ndipo pa adiresi yeniyeniyo pamalembedwa adiresi yomweyo, kuti kuwerenga `%fs:0` kupatse pulogalamu thread pointer yake popanda kufunsa kernel. Za malaibulale otsegulidwa mochedwa ndi `dlopen`, ndi `__tls_get_addr` imene imawapezera malo, zonsezo zimathera mu laibulale ya C ndipo kernel sizimva n'komwe.

Choncho poyendetsa fayilo ya ELF, kernel yanu ingodumpha `PT_TLS`. Chimene iyenera kupereka mosalakwitsa ndi auxiliary vector, mndandanda wa manambala umene kernel imasiyira pulogalamu pa stack yoyamba, makamaka `AT_PHDR`, `AT_PHENT` ndi `AT_PHNUM`, pakuti laibulale imapeza `PT_TLS` yokha kudzera mmenemo, komanso `AT_RANDOM`, adiresi ya mabaiti 16 osankhidwa mwachisawawa amene glibc imapangira nambala yotetezera stack. Nambala yotetezayo pa x86-64 imakhala pa `%fs:0x28`, ndipo kudziwa zimenezi kudzakupulumutsani usiku wina. Mukaona pulogalamu yoyamba kuiyendetsa ikugwa powerenga adiresi 0x28, musayambe kukayikira page table. Zikutanthauza kuti FS base, adiresi imene FS imaloza, idakali ziro, ndiye kuti system call (pempho la pulogalamu kwa kernel) yoiikira sinagwire ntchito kapena kernel inaitaya posinthanitsa ma thread.

System call yoika ndi yowerenga

Pa x86-64 Linux imagwiritsa ntchito `arch_prctl` ndi `ARCH_SET_FS`, nambala 0x1002, poika, ndi `ARCH_GET_FS`, nambala 0x1003, powerenga, ndipo GS ili ndi zake ziwiri, 0x1001 ndi 0x1004. Ngati cholinga chanu n'kuyendetsa mapulogalamu a Linux osawamanganso, tsatirani manambala omwewo. Ngati mukupanga zanuzanu, pangani zonse ziwiri, yoika ndi yowerenga, pa tsiku limodzi. Yowerenga imaoneka ngati yosafunika popeza pali `%fs:0`, koma debugger imaifuna, ndiponso chida ngati CRIU, chimene chimaimitsa pulogalamu n'kukaiyambitsiranso pa kompyuta ina, sichingadalire kuti pulogalamu iliyonse inatsatira mwambo wa laibulale ya C.

Adiresi imene pulogalamu yakupatsani muiyese chinthu chimodzi chokha: kuti ili m'chigawo cha mapulogalamu osati cha kernel. Kernel imalemba FS base mu MSR (register yapadera ya purosesa) ya nambala 0xC0000100, ndipo mukalembamo adiresi imene purosesa siivomereza kuti ndi canonical, general protection fault imachitikira mkati mwa kernel yanu, osati mu pulogalamu. Linux imabweza `EPERM` pa adiresi yotere. Malire a ma adiresi ovomerezekawo musawalembe ngati nambala yokhazikika ya mabiti 48, chifukwa mapurosesa okhala ndi page table ya magawo asanu amafika mabiti 57. Kupitirira apo musayesenso kanthu. Musafunse ngati adiresiyo ili ndi memori kumbuyo kwake, musakane ziro, ndipo musakakamize alignment, pakuti pulogalamu ili ndi ufulu woika adiresi kaye n'kupatula memori pambuyo pake, ndipo ikalakwitsa imene imagwa ndi iyo yokha.

Mbiri ya x86 ya 32-bit ili ndi phunziro limene ndimalikonda. LinuxThreads, laibulale ya ma thread imene Xavier Leroy analemba mu 1996, poyamba inkazindikira thread poona pamene stack pointer yaloza, chifukwa stack iliyonse inkapatsidwa chigawo chake cha 2 MB. Pambuyo pake inayamba kugwiritsa ntchito LDT, tebulo la pulogalamu lofotokoza zigawo za memori, imene ili ndi malo 8192 okha. Pokonzekera NPTL, laibulale yolowa m'malo mwa LinuxThreads imene Drepper ndi Ingo Molnar anatsogolera ndipo inatuluka mu Red Hat Linux 9 mu 2003, Linux 2.5.29 inabweretsa `set_thread_area`. Kernel inapatula malo atatu mu GDT, tebulo lake lofanana ndi LDT, amene amasinthidwa pamodzi ndi thread, ndipo pulogalamu ikaika -1 pa `entry_number`, kernel imasankha yokha malo opanda kanthu n'kuiuza nambala yake. Pa kernel ya 32-bit malowo ndi 6 mpaka 8, koma pa kernel ya 64-bit anasamukira pa 12 mpaka 14, ndipo mapulogalamu amene ankapempha ndi -1 anapitiriza kuyenda osadziwa kuti pasintha kanthu. Paliponse pamene pali nambala yochokera m'kati mwa kernel, lolani kernel iitchule yokha, pulogalamu isailoweze pamtima.

Pobala thread yatsopano

Ambiri amaganiza kuti thread yatsopano ikhoza kungoitana system call yoika TLS ikangoyamba kuyenda. Vuto lake ndi kamphindi ka pakati. Thread imabadwa ndi thread pointer ya kholo lake, ndipo signal (uthenga woidula pakati pa ntchito) ikaifikira isanaike yake, handler, code yolandira signal, imalemba mu `errno` ya kholo, kapenanso kusokoneza zosungira za `malloc` za thread ina imene ikuyenda pa purosesa ina nthawi yomweyo. Vuto lotere limaoneka mwa apo ndi apo, ndipo mukamalifufuza silibwera. N'chifukwa chake Linux ili ndi `CLONE_SETTLS`, imene imachititsa kuti kernel iike thread pointer thread isanayendetse langizo ngakhale limodzi. System call yanu yobala thread ilandire adiresi ya TLS pamodzi ndi ya stack.

Musatengere maonekedwe a `clone`, system call yakale ya Linux yobala thread. Pa x86-64 dongosolo la ma argument ake ndi flags, stack, parent_tid, child_tid, tls, koma pa x86 ya 32-bit, ARM ndi AArch64 awiri omalizawo anasinthana malo, ndipo aliyense wolemba laibulale amayenera kukumbukira zimenezi pa purosesa iliyonse. Mabiti 32 a flags nawonso anatha. Tengerani `clone3`, imene inabwera mu Linux 5.3 mu 2019. Imalandira adiresi ya struct ndi kukula kwake, ndipo kukulako ndi kumene kumanena kuti pulogalamu inamangidwa pa nthawi iti: struct yoyamba inali mabaiti 64, inakula kufika 80 mu Linux 5.5, kenako 88 mu 5.7. Lamulo lake lili motere. Pulogalamu ikapereka struct yaing'ono kuposa imene kernel ikuidziwa, kernel imadzaza ziro m'malo otsalawo, choncho munda (field) uliwonse watsopano wa struct uyenera kukonzedwa moti ziro itanthauze khalidwe lakale. Ikapereka yaikulu koma mabaiti owonjezerawo onse ndi ziro, kernel imalandira. Ikapereka yaikulu ndipo muli china chosakhala ziro, kernel imabweza `E2BIG`, chifukwa pulogalamu yapempha chinthu chimene kernel iyi sichidziwa ndipo kungokhala chete kungakhale kuinamiza.

Flag yosadziwika muikane ndi `EINVAL` kuyambira tsiku loyamba. System call ya `open` imanyalanyaza ma flag osadziwika, ndipo pamene olemba Linux ankawonjezera `O_TMPFILE` anachita kuimangirira ku `O_DIRECTORY` kuti kernel zakale zilephere poyera m'malo mochita chinthu china mwakachetechete. Komanso system call imene kulibe ibweze `ENOSYS` basi, osati nambala ina, popeza malaibulale amadalira yankho limeneli kuti abwerere ku njira yakale. Mu 2021 glibc 2.34 inayamba kuyesa `clone3` kaye n'kubwerera ku `clone` ikalandira `ENOSYS`, koma sefa ya seccomp, yosefa ma system call, imene Docker inkaika payokha inkabweza `EPERM` pa system call zimene sinkazidziwa, ndipo mapulogalamu a m'makontena ambiri analephera kubala thread mpaka sefayo itakonzedwa.

Posinthanitsa ma thread

Apa ndi pamene nambala ija imatayika kawirikawiri. Funso loyamba n'lakuti pulogalamu ikhoza kusintha register yokha kapena ayi. Ngati singathe, monga pa `TPIDRURO`, kernel ikhoza kudalira nambala imene inasunga pa system call yomaliza, n'kungoilemba thread ikamalowa. Ngati ikhoza, monga pa `TPIDR_EL0`, kernel iyenera kuwerenga register yeniyeniyo thread ikamatuluka, chifukwa imene inasunga kale ikhoza kukhala yakutha. Pa RISC-V `tp` imasungidwa pamodzi ndi ma register ena onse pa trap iliyonse, ndiye kuti nthawi iliyonse purosesa ikalowa mu kernel, ndipo popeza kernel nayo imaifuna, Linux imaisinthanitsa ndi `sscratch` polowa. Amene munaphunzirira pa xv6, kernel yophunzitsira ya ku MIT, mudzakumbukira kuti m'kati mwa kernel `tp` imasunga nambala ya hart, purosesa imene kernel ikuyendapo, ndipo ya pulogalamu imakhala mu trapframe.

x86-64 inasamuka kuchoka m'gulu loyamba kupita lachiwiri, ndipo kusamukako kunatenga zaka 8. Intel inabweretsa malangizo a `RDFSBASE`, `WRFSBASE`, `RDGSBASE` ndi `WRGSBASE` mu Ivy Bridge mu 2012, koma Linux inawayatsa mu 5.9 mu 2020. Kuyatsako ndi biti imodzi yokha, ya nambala 16 mu CR4, koma kumagwetsa zinthu ziwiri zimene kernel inkadalira. Choyamba ndi chimene tanena kale, kuti FS base ndi GS base ziyenera kuwerengedwa pa kusinthana kulikonse. Chachiwiri n'choopsa kwambiri. Kernel imagwiritsa ntchito GS pofika ku zosungira za purosesa iliyonse, ndipo imasinthanitsa GS ya pulogalamu ndi yake ndi langizo la `swapgs`. NMI, interrupt imene kernel singaitsekereze, ikhoza kubwera pa langizo lililonse, ngakhale pakati pa kulowa mu kernel ndi `swapgs`, ndiye Linux inkaona GS base: ikakhala adiresi ya chigawo cha kernel, inkadziwa kuti `swapgs` yachitika kale. Pulogalamu ikapatsidwa `WRGSBASE` ikhoza kulembamo adiresi ya kernel mwadala, ndipo kernel n'kuyamba kuwerenga zosungira zake pamalo amene woukira wasankha. Njira yolowera ya NMI iyenera kusunga GS base imene yaipeza, kulemba ya kernel mosafunsa, n'kubwezera yakale potuluka. Musayatse biti imeneyi musanakonze zimenezi. Kernel yanu idzayenda bwinobwino popanda iyo, kungoti kusinthanitsa kudzachedwerapo pang'ono polemba MSR.

Mukadzaiyatsa, uzani mapulogalamu kudzera mu auxiliary vector, monga Linux imachitira ndi biti 1 ya `AT_HWCAP2`. Langizo la CPUID limangonena kuti purosesa ili nawo malangizowo, silinena kuti kernel yawalola, ndipo pulogalamu yodalira CPUID yokha imagwa ndi langizo losaloledwa pa kernel yakale.

Pali msampha winanso wa selector, nambala yosankha descriptor mu GDT kapena LDT. Kulemba selector mu FS kumafufuta base n'kuikamo ya mu descriptor, choncho muzilemba selector poyamba, base pambuyo. Ndipo kulemba selector ya ziro sikuchita chimodzimodzi paliponse: mapurosesa a Intel amafufuta base, pamene a AMD akale amaisiya momwe inalili. Kernel imene imadalira selector ya ziro pofufuta imapatsira thread yatsopano adiresi ya thread ya pulogalamu ina pa makina a AMD oterowo. Lembani base yonse nokha nthawi zonse.

Malo ena ndi achidule. Pa `fork` mwana amatenga thread pointer ya thread imene yamubala, popeza memori yake ndi kope la ya kholo ndipo adiresi yomweyo ikugwirabe ntchito. Pa `exec` fufutani ma register onse awiri akhale ziro. Pa signal musasinthe kanthu, handler imayenda ndi TLS ya thread yomweyo, ndipo Linux ya x86-64 siika FS base mu signal frame, kotero handler ikaisintha, kusinthako kumakhalabe ikabwerera. Sankhani khalidwe limodzi pamenepa ndipo mulilembe, chifukwa padzapezeka pulogalamu yolidalira. Debugger nayo ipatseni njira: pa x86-64 `fs_base` ndi `gs_base` zili mu `user_regs_struct`, pa AArch64 pali `NT_ARM_TLS`, ndipo nambala yomweyo ilowenso mu fayilo ya core, apo ayi GDB singakuonetseni ngakhale `errno` ya pulogalamu imene yagwa. Adiresi yobwera kudzera mu `ptrace`, khomo la ma debugger, muiyese mofanana ndi yobwera mu system call, anthu amaiwala kawirikawiri khomo limeneli.

Mapurosesa akale ndi mapulogalamu a 32-bit

Kuno kwathu zipangizo zakale si nkhani ya m'mabuku. Ena mwa mafoni otchipa a Android ogulitsidwa m'mashopu a ku Limbe amayendetsa mapulogalamu a 32-bit, ndipo ma router ambiri ang'onoang'ono ali ndi purosesa ya MIPS. Linux inathetsa vuto la purosesa yopanda register ya TLS m'njira ziwiri zosiyana. Pa ARM kernel imaika kachidutswa ka code pa adiresi yokhazikika, 0xffff0fe0, ndipo pulogalamu imangodumphira pamenepo. Pa purosesa yakale kachidutswako kamawerenga nambala mu memori, pa yatsopano kamawerenga register, ndipo pa 0xffff0ffc pali nambala yonena kuti tizidutswa totere tilipo tingati. Pa MIPS compiler imatulutsa langizo la `rdhwr` lowerenga register 29, ndipo purosesa imene ilibe imagwera mu kernel, imene imayankha m'malo mwake. Njira ya MIPS imachedwa pa zipangizo zakale koma siisiya chipsera pa zatsopano. Njira ya ARM ndi yachangu, koma code ya pa adiresi yodziwika imathandiza oukira, ndipo ngakhale pali `CONFIG_KUSER_HELPERS` yoizimitsira, wofuna kuyendetsa mapulogalamu akale amayenera kuisiya yoyaka, ngakhale pa kernel ya AArch64. Ine ndingasankhe njira ya MIPS, kapena kupereka adiresi ya kachidutswako mu auxiliary vector monga zimachitikira ndi vDSO, code imene Linux imaika mu memori ya pulogalamu iliyonse.

Ngati kernel yanu ya 64-bit idzayendetse mapulogalamu a 32-bit, munda uliwonse wa struct yodutsa pakati pa pulogalamu ndi kernel ukhale wa mabiti 64, ngakhale wosunga adiresi, ndipo alignment yake muikakamize kukhala mabaiti 8, chifukwa pa x86 ya 32-bit compiler imaika nambala ya mabiti 64 pa malire a mabaiti 4. Linux ili ndi `__aligned_u64` pa chifukwa chimenechi. Kumene lamuloli silinatsatidwe, monga pa `set_robust_list` ya mu Linux 2.6.17 imene mndandanda wake uli ndi ma pointer enieni, kernel imanyamula code yapawiri, ina ya ma pointer a mabaiti 4 ndi ina ya mabaiti 8. Onaninso kuti tanthauzo la argument ya TLS pa `clone` limasiyana: pa 64-bit ndi adiresi yeniyeniyo, pa 32-bit ndi pointer yoloza ku `user_desc`. Linux imasankha poona mtundu wa system call imene yaitanidwa, osati mtundu wa fayilo imene inayambitsa pulogalamu, popeza pa x86 pulogalamu ya 64-bit ikhoza kuitana system call ya 32-bit.

Pamene kernel iyenera kulemba m'dera la thread

Nthawi zina kernel imafunikadi kulemba mu memori ya thread. Zikatero, pulogalamu iipatse adiresi yapadera ya malo amenewo, kernel isawerengere yokha kuchokera pa thread pointer. `CLONE_CHILD_CLEARTID` ndi chitsanzo: laibulale imapereka adiresi, ndipo thread ikafa kernel imalembapo ziro n'kudzutsa woyembekezera pa futex, njira ya Linux yodikirira kuti nambala ya mu memori isinthe, ndipo apo m'pamene `pthread_join` imadziwa kuti stack ndi TLS za womwalirayo zikhoza kumasulidwa. Kulembako kuchitike ndi njira yopirira page fault, ndipo kukalephera kernel ingopitiriza.

Koma ganizirani mwini wake wa malowo. `rseq`, imene inabwera mu Linux 4.18 mu 2018, imalola thread kulembetsa struct imodzi yokha, imene poyamba inali ya mabaiti 32, mmene kernel imalembamo nambala ya purosesa imene thread ili. Malaibulale ngati tcmalloc anayamba kulembetsa okha. Mu 2022 glibc 2.35 inayamba kulembetsa pa thread iliyonse ikangobadwa, ndipo aliyense wobwera pambuyo ankakanidwa. Kuti onse agawane, glibc inatulutsa `__rseq_offset` ndi `__rseq_size` zosonyeza pamene struct yake ili, komanso njira yozimitsira ya `glibc.pthread.rseq=0`. Kukulitsa struct nako kunafuna njira yatsopano, `AT_RSEQ_FEATURE_SIZE` ya mu Linux 6.3. Mukamapanga chinthu cholembetsedwa kamodzi pa thread, lembani pa pepala lomwelo amene amalembetsa, mmene ena amapezera malowo, ndi mmene struct idzakulire.

Kuyesa

Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux, wakhala akuumirira kwa zaka zambiri kuti kusintha kwa kernel kumene kwathyola pulogalamu imene inkayenda ndi vuto la kernel, osati la pulogalamuyo. Kuti mutsatire zimenezi mukufunika mafayilo omangidwa kale amene simuwamanganso. Tsiku lililonse limene mwatulutsa kernel kwa anzanu, mangani mapulogalamu oyesera, ena a static ndi ena a dynamic, ena ndi musl ndi ena ndi glibc, ndipo muwasunge momwe alili pamodzi ndi code ya kernel, komanso pa fulashi kuti musamadye bandulo powatsitsanso. Kuyesa ndi pulogalamu yomangidwanso ndi ma header atsopano sikuonetsa kanthu, chifukwa struct ikasintha mbali zonse ziwiri zimasinthira limodzi.

Mu QEMU, pulogalamu yoyerekeza kompyuta, yatsani mapurosesa angapo ndi `-smp 4`, ndipo yambitsani ma thread ochuluka kuposa mapurosesawo, iliyonse ilembe nambala yake mu variable ya `__thread` n'kumaiwerenga mosalekeza, kuti timer iziwadula pakati ndipo ma thread azisamuka purosesa. Imene yawerenga nambala yosakhala yake iimitse zonse n'kusindikiza thread pointer yake. Bwerezani ndi `-cpu Nehalem`, imene ilibe FSGSBASE, kenako ndi `-cpu max`. Pambuyo pake onjezerani thread ina yongotumiza ma signal ku pulogalamu yonse pamene ina ikubala ma thread atsopano, handler iziyerekeza nambala ya mu TLS ndi imene `gettid` yabweza. Perekani ku system call yoika TLS adiresi ya kernel, adiresi yosakhala canonical ndi ziro, ndipo mudutsenso ndi zomwezo mu `ptrace` ndi pobala thread. Struct ya thread yatsopano muipereke yofupika ndi baiti imodzi kuposa yoyambirira, yofanana ndi yoyambirira, yaitali yodzaza ziro, ndi yaitali yokhala ndi 1 pa baiti yomaliza. Yoyamba ikanidwe ndi `EINVAL`, ziwiri zapakati zilandiridwe, ndipo yomaliza ibweze `E2BIG`.